Bambo anga akumasulira mawu a anthu osaoneka

Aphungu,

Kalata iyi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya, chifukwa ndikaiwerenga ndimadzimva ngati munthu wozungulira mutu. Lero ndalimba mtima. Pali liwu lina la Chingerezi lomwe landisowetsa mtendere, ndipo pali bambo anga ondibereka amene sindikuwamvetsanso. Chonde werengani mpaka kumapeto musanandiseke.

Ndine mayi wapabanja, ndimasoka makatani ndi nsalu zapamipando kunyumba. Timakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni pomwe masitepe amathera. Bambo anga anagwira ntchito yomasulira m'khoti moyo wawo wonse. Woweruza akalankhula Chingerezi iwo ankatembenuzira m'Chichewa, mboni ikayankha iwo n'kubwezera m'Chingerezi. Kunyumba sanali munthu wolankhulalankhula. Ankati pakamwa amapasiya kuntchito limodzi ndi jekete. Mayi atamwalira anakhala okha mpaka chaka chatha, pamene anagwa m'bafa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kutheratu. Ndinawatenga ndine, poti achimwene anga aakulu anati kwawo n'kodzaza kale.

Tinawaikira mpando pawindo la pabalaza, pafupi ndi mashini anga, kuti ndizisoka ndikuwaona. Miyezi yoyamba anali chete ngati kabati. Ndikawadyetsa ankadya, ndikawagoneka ankagona, nthawi yotsalayo maso ali pamsewu.

Tsiku lina masana ndikudula nsalu, ndinamva chiseko kumbuyo kwanga. Sikunali kuseka kwa munthu amene wamva nthabwala. Chinangotuluka kamodzin'kamodzi, chikhakhali chachikulu, ngati wina watsegula mpopi mpaka kumapeto. Nditacheuka ndinapeza pakamwa pali yasa, mapewa akugwedezeka, koma maso, Aphungu, maso sankaseka. Ankandiyang'ana ngati munthu amene akutengedwa ndi madzi. Kenaka zii. Mawa lake supuni inagwa pansi, iwo n'kulira chokweza ngati pagwa maliro, n'kusiyanso mwadzidzidzi momwemo.

Amuna anga anawabereka kumsana kutsika nawo masitepe, tinapita kuchipatala. Adokotala ake anali achitsikana, achangu, odwala ali mbwee pakhomo. Anawaunika m'maso, kuwagogoda maondo, kenaka anatembenukira kwa anzawo n'kuyamba Chingerezi chothamanga pamwamba pa mutu wa bambo. Ine Chingerezi changa n'cholonjerera makasitomala basi, koma ndinatolapo liwu limodzi lomwe analibwereza kangapo: "burst". Limenelo ndimalidziwa. Amuna anga ndi dalaivala wa lole, ndipo tayala likaphulika panjira ndi lomwe amatchula. Paipi itaphulika kukhitchini kwathu, wokonza mipope ananena lomwelo. Ndinafuna kufunsa kuti chofuna kuphulika mwa bambo anga n'chiyani, koma wodwala wina anali atalowa kale. Adokotala anangoti zimachitika izi mayi, musadandaule. Ndinatuluka ndikukankha mpando wawo wamatayala pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira.

Ndili ndi mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amene amaphunzitsa Chingerezi kusekondale. Ameneyo akayamba kufotokoza, tiyi amazizira m'kapu. Nditamufunsa anakondwa kwambiri. Anati liwu limeneli lili ndi miyendo yambiri. Likaima lokha ndi kuphulika. Likatsatidwa ndi "out" ndiye munthu watulutsa chiseko, kulira kapena mawu mwadzidzidzi, osakonzekera. Likatsatidwa ndi "into" zimatengera chomwe chikubwera: misozi, nyimbo, munthu kulowa m'chipinda osagogoda, ngakhale chinthu kungoyaka moto lawilawi. Mtsinje ukaswa magombe ake, akuti ndi lomwelonso. Anamaliza akumwetulira ngati wandipatsa mphatso. Nditamufunsa kuti nanga adokotala ankanena mwendo uti, anati iye kunalibeko. Ine ndinatsala ndi moto, madzi osefukira ndi munthu wolowa osagogoda. Musaseke, koma kuyambira tsikulo machesi ndimabisa pamwamba pa kabati, ndipo ndimawagwira bambo pachipumi pafupipafupi kuona ngati akutentha.

Komatu chomwe chandilembetsa kalata si chimenecho.

M'mawa wina dzuwa likuwala bwinobwino, ndikupalasa mashini, ndinaona m'mbali mwa diso kuti bambo awongoka pampando. Chidwalireni anali asanakhalepo choncho. Anapendeketsa mutu kumanzere, komwe kuli khoma lokhalokha, ngati akumvetsera munthu wamfupi amene waima pambali pawo. Anagwedeza mutu. Kenaka anayang'ana kutsogolo ndipo mawu anatuluka, omveka, amphamvu, opanda chibwibwi. Poyamba chinali Chingerezi chakukhoti chija. Atamaliza, ngati akumbukira kuti ine sindinamve, ananena m'Chichewa:

"Ine sindinalowe m'nyumbamo. Ndinaima pakhomo, ndinamva mwana akulira, ndinabwerera."

Singano inandibaya chala koma sindinamve. Nditawaitana anali atabwerera kale mwakale, phewa litagwa, malovu akutsikira pachibwano.

Kuchokera pamenepo zakhala zikuchitika kawirikawiri, ndipo ndi masana okhaokha. Nthawi yankhomaliro amasiya, madzulo amasiya. Nditawauza amuna anga anaseka n'kunena kuti ndiye kuti mizukwa yake ndi yolembedwa ntchito, imadziwa nthawi yoweruka. Anaseka mpaka tsiku lomwe anazimvera okha ali patchuthi. Anaika kapu pansi, n'kutuluka osavala nsapato. Masiku ano akusankha maulendo ataliatali, ndipo akabwera amadyera kukhitchini.

Anthu amene bambo amawamasulirawo amasinthasintha. Tsiku lina ndi mayi wokana kuti sanamenye mwana womupeza, tsiku lina ndi bambo wopepesa kuti anayendetsa galimoto ataledzera. Onsewo amati "ine", ndipo onse amatuluka pakamwa pa bambo anga. Koma ine mwana wawo ndikawafunsa ngati akufuna madzi kapena kuchimbudzi, ngakhale "ee" satuluka. Ndayamba kuzungulira malo aja akumanzere kwa mpando ndikamasesa. Palibe chomwe ndimaona, koma phazi langa limakana kupondapo.

Tsiku lina anamvetsera nthawi yaitali kuposa kale, kenaka anati:

"Ndikupempha bwalo kuti wina aone chidendene changa chakumanja. Chikundiotcha, ndipo palibe amene ndingamuuze."

Ndinaima n'kumayang'ana khoma lija, ndikuganiza za munthu wosaoneka wa chidendene chowawa. Madzulo powavula bambo sokosi ndinapeza chilonda pachidendene chawo chakumanja, chakuda m'mbali, chonyowa pakati. Ndinachitsuka. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati mlendo uja anawasiyira chilonda chake.

Pansi pathu pamakhala mkulu wina wokonza mawailesi, amakhala yekha. M'nyumba mwake mumasokosera tsiku lonse, wailesi iyi ikuimba, iyo ikulira ngati mafuta pamoto. Masabata apitawa bambo anayamba kulira chokweza kuja, kenaka anapendeketsa mutu, osati kukhoma, koma pansi. Ndipo anati:

"Ndagwa pafupi ndi sinki. Sindingathe kudzuka. Chitseko ndakhoma m'kati."

Ndinatchera khutu. Ndipamene ndinazindikira kuti pansipo pali zii. Ndinatsika, ndinagogoda, osayankha. Ndinakaitana eni nyumba, anathyola chitseko. Mkulu uja anali gone pafupi ndi sinki, fupa lam'chiuno litathyoka, milomo itauma gwa. Nditakamuona kuchipatala ndinamufunsa ngati anakuwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti mawu sankatuluka. "Ndinkangonena mumtima, mayi."

Ndinkayesa anthu athokoza. Ayi ndithu. Amayi apamasitepe amakokera ana awo kukhoma ndikamadutsa, makasitomala ena akutumiza uthenga kuti makatani adzatenga mtsogolo. Ndiye pali ena amene akubwera. Mayi wina wosamudziwa anagogoda atanyamula malaya a mwana wake amene anamwalira pangozi. Ndisanamuletse anali atagwada kale pamaso pa bambo, akuwapempha kuti amufunsire mwanayo ngati anamva kuwawa. Bambo anamuyang'ana, chiseko chija n'kutuluka, misozi ikuyenderera m'masaya. Mayiyo anathawa kusiya malaya pansi. Ndinawanyamula ndi ndodo ya tsache n'kuwaika m'pepala lapulasitiki kuseri kwa chitseko, ndipo ali pomwepo.

Mbiri inawapeza achimwene. Anabwera, anaima kutsogolo kwa bambo n'kumalankhula ngati pampandopo palibe munthu. Anati mkuluyu anakhala zaka zonse akunyamula mawu a akuba ndi akupha m'kamwa mwake, tsopano eni ake abwera kudzawatenga. Akuti apeza munthu wina kunja kwa mzinda amene amasunga odwala otere mumpanda n'kumawatulutsa mizimu ndi kusala kudya. Ine ndinamvapo za kumeneko, kuti mankhwala akuchipatala amatayidwa pageti ndipo ovuta amamangidwa pabedi. Nditayesa kunena zimenezi anandidula.

"Iwe ndiwe wamng'ono, usanditsutse. Ukufuna aphulikire m'nyumba mwako?"

Anati abwera ndi galimoto kumapeto kwa mwezi uno. Nthawi yonse yomwe ankalankhula, bambo ankawayang'ana pakamwa, osaphethira.

Aphungu, ndiuzeni zoona. Liwu lija likutanthauza chiyani pa bambo anga? Kodi pali chinthu m'mutu mwawo chomwe chikudikira kuphulika? Nanga amene akuwamasulirawo ndi ndani? Ndimawakonda bambo anga, koma pali masiku omwe ndimaopa kuwatembenuzira msana. Ndiwalole achimwene?

Ine wosowa pogwira,
E.M.C., pamwamba pa masitepe, mumzinda

Mayi E.M.C.,

Sindinaseke. Tiyambe ndi liwu lomwe lakubisitsani machesi.

Alamu anu sananame, kungoti munapempha chipatso chimodzi iwo n'kukukhuthulirani dengu lonse. M'matanthauzo onse aja muli ganizo limodzi lokha: chinthu chomwe chinatsekeredwa chapeza potulukira mwadzidzidzi. Mpweya m'tayala, madzi m'paipi, chiseko m'chifuwa. Chomwe chimakuuzani tanthauzo lake ndi liwu loyandikana nalo. Akamanena za munthu, kutsogolo kwake n'kubwera kuseka kapena kulira, palibe chikung'ambika ndipo palibe chikuyaka. Ifenso timati munthu wafa ndi phwete, koma palibe amene amathamangira kukagula bokosi.

Komabe nanenso m'chipindamo munalibe. Mwina adokotala ankanena za chiseko ndi kulira kwa bambo, mwina ankakamba za mtsempha wamagazi womwe unayambitsa sitirokoyo poyamba paja, chifukwa sitiroko ina imayamba choncho. Wodziwa ndi amene analankhula. Bwererani sabata yomwe ino, mukakhale pansi, mukanene kuti munamva liwu lakutilakuti ndipo mukufuna akuuzeni m'Chichewa zomwe ankatanthauza. Akafulumira, musadzuke pampando. Mwana wa womasulira asatuluke m'chipinda asanamve zomwe zanenedwa zokhudza bambo ake.

Kuseka ndi kulira kodzidzimutsako n'kodziwika kwa anthu ena amene anagwa ndi sitiroko. Mbali ya ubongo yomwe imagwira mabuleki imakhala itavulala, ndiye chiseko chimatuluka popanda chosangalatsa, misozi popanda chifukwa chooneka. Munaona bwino kuti maso sankaseka. Iwonso zimawaopsa, mwinanso kuwachititsa manyazi. Zikayamba musakuwe kapena kuwagwedeza. Agwireni dzanja lamoyolo, lankhulani motsitsa, dikirani zidutse. Akuchipatala ali ndi njira zochepetsera vutoli mwa anthu ena, choncho kalitchuleni momveka.

Tsopano za khoti lomwe lakhala pabalaza panu. Zimachitika kuti munthu amene sangathe kupempha madzi amatha kuimba nyimbo yonse kapena kunena pemphero osaphonya, chifukwa njira yomwe inapondedwa kwambiri ndi yomwe imatsala. Ya bambo anu ndi yakukhoti. Mayi wokana mlandu ndi dalaivala woledzera akhoza kukhala milandu yakale yomwe inakhazikika m'mutu. Koma ndikufunseni: chilonda chija munachipeza paphazi la ndani? Inu munayang'ana khoma, mayi, pamene wopempha bwalo uja anali pampando. Sangathe kunena kuti mwana wanga phazi likundiwawa, khomo limenelo linatsekeka. La khoti ndi lomwe likutseguka, ndiye anadzera komweko, n'kudzimasulira okha. Pamene inu munkaopa mlendo, n'kutheka kuti bambo anu ankalankhula nanu koyamba chidwalireni.

Ndiye yesani kuwapeza komweko. Akawongoka, imani kutsogolo kwawo, mufunse pang'onopang'ono mwaulemu wakukhoti kuti kodi mboni ikufuna madzi, kodi pali pena pomwe pakuwawa. Mwina sayankha, ndipo mukaona kuti zikuwasautsa siyani. Ajambuleni pafoni zikamachitika mukaonetse adokotala, chifukwa kuwongoka kodzidzimutsa n'kubwereranso mwakale n'kofunika kuti akuone ndi maso awo. Mukafunsenso za akatswiri othandiza anthu kuyambiranso kulankhula. Chilondacho akachione akuchipatala, ndipo tsiku lililonse muziyang'ana zidendene, m'chiuno ndi kumsana, muziwasinthasintha kakhalidwe.

Za mkulu wa mawailesi sindikunamizani kuti ndili ndi yankho lonse. Munthu wokhala chete tsiku lonse amamva nyumba kuposa inu amene muli ndi mashini m'makutu. Akhoza kuti anamva chinthu chikugwa, anamva mawailesi osayamba, mwinanso paipi ya sinki ija imadutsa m'khoma lanu. Kumvetsera inali ntchito yawo. Ngati zimenezi zikukwanira kufotokoza zonse, sindikudziwa. Ndikuvomera kuti nditafika pamenepo ndinaika kalata yanu pansi n'kucheuka. Koma taonani chomwe chinatulukapo: munthu amene akanafera pansi ali moyo. Chimenecho si chifukwa chomangira nkhalamba pabedi.

Achimwene anu muwakanire, ndipo musadikire galimoto ifike. Aimbireni mawa, muwauze kuti mupitire limodzi kuchipatala akamve okha. Itanani wachibale wamkulu amene iwo amamumvera, akhalepo pokambirana. Munthu wa sitiroko akasiyitsidwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kumusalitsa kudya, pamenepo ndiye liwu lomwe mukuliopa likhoza kuchitika m'tanthauzo lake loyamba lija. Auzeni choncho, osazungulira. Ofuna kupemphera abwere adzapemphere pabalaza panu, opanda zingwe, mankhwala ali patebulo. Zoti ndinu wamng'ono zisakutsekeni pakamwa. Amene amasambitsa wodwala ali ndi mawu pa za wodwalayo. Ndipo popeza achimwene apeza galimoto ndi nthawi, azibwera kudzakhala ndi bambo awo masiku ena kuti inu mupumeko. Mantha ena amene muli nawo ndi kutopa.

Amuna anu musawanyoze, nawonso achita mantha. Auzeni mosabisa kuti mukuwafuna pakhomo kumapeto kwa mwezi, ndipo abwerere kudzadyera pabalaza. Malaya aja musawataye. Funsani pamasitepe, amene analozera mayi uja khomo lanu akudziwa komwe amakhala. Achotseni m'pulasitiki, muwapinde bwino ndi manja anu, muwabweze ndi mawu achifundo. Mukatero, khomo litsekeni kwa onse obwera ndi zovala za akufa. Bambo anu ndi wodwala, si foni.

Chenjezo langa ndi ili. Adokotala analankhula pamwamba pa mutu wawo, achimwene analankhula ngati pampando palibe munthu, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso mukatopa pali zomwe mumang'ung'udza mukupalasa mashini. Aliyense wosamalira wodwala amatero. Koma mkulu ameneyo akumva zonse, ndipo sanaiwale ntchito yake. M'mawa wina akhoza kupendeketsa mutu, osati kukhoma kapena pansi, koma kwa inu, n'kuyang'ana kutsogolo, n'kuyamba ndi "ine". Mawuwo adzakhala anu. Yambani lero kulankhula zomwe mungapirire kuzimva zikutuluka pakamwa pa bambo anu.

Aphungu